Yathuyi ili ndi delay

Pa 25 Januwale 2022 magetsi kwathu anazima dzuwa lisanalowe, ndipo sanabwerenso mpaka m'mawa mwake. Linali tsiku loti munthu sangagone osaonera mpira. Flames inkakumana ndi Morocco ku Yaoundé, ndipo kanali koyamba m'mbiri yathu kuti tidutse ndime ya m'magulu pa mpikisano wa maiko a mu Africa. Mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo ankakhala nafe, anatsamiritsa foni yake pa chitini cha shuga, ine n'kugula bandulo, ndipo anthu asanu tinaunjikana pa kagalasi kosaposa chikhatho.

Mpira usanapite patali, kuseri kwa mpanda kunabuka chiphokoso. Bambo a nyumba yoyandikana nafe, amene amamvera mpira pa wailesi ya mabatire chiyambire, ankakuwa ngati aponda njoka. Ana awo ankamenya zidebe. Agalu a mudzi wonse analowerera. Ife pafoni pathu mpira unali ukadali pakati pa bwalo, anyamata akupatsirana mosathamanga. Mnyamata uja anapukusa mutu nati, "Ankolo, chagoledwa. Yathuyi ili ndi delay."

Ndiye tinangokhala phee, kudikira chinthu chimene chinali chitachitika kale. Kenaka tinamuona Gabadinho Mhango akuponya mwendo ali kutali zedi, mpira n'kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco mpaka mu ukonde. Nafenso tinakuwa, koma kunali kukuwa kwa munthu amene wina wamuuza kale mathero a nthano. Masewerowo tinagonja 2-1, ndipo zigoli ziwiri za Morocco tinazimvanso kaye kuseri kwa mpanda, chifukwa nako kukhala chete kwa anthu kumamveka.

Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yomasulira zikalata, zidziwitso ndi timabuku kuchoka m'Chingelezi kupita m'Chichewa, ndipo matenda a ntchito imeneyi ndi oti mawu amodzi akhoza kukusowetsa tulo. Usiku umenewo amene anandigwira ndi akuti "delay". Mnyamata uja sananene kuti foni yachedwa. Ananena kuti ili ndi delay, ngati mmene munthu amakhalira ndi chifuwa. Ndipo ananena zoona, pakuti palibe amene anachedwa. Mawu a pa wailesi amayenda njira yachidule. Chithunzi chodzera pa satelaiti chimakwera mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 n'kutsikanso, ulendo umene sukwana n'komwe theka la sekondi, koma makina amayamba achipanikiza kaye kenaka n'kuchimasulanso, ndipo pamenepo pamalowa masekondi angapo. Cha pa intaneti ndiye amachidula m'tizidutswa, foni n'kusunga tingapo isanayambe kukuonetsa, kuopa kuti chingamadukeduke. Delay ya mtundu umenewu ndi mpata chabe pakati pa kuchitika kwa chinthu ndi kufika kwake kwa iwe. Oimba magitala m'matchalitchi athu amachita kuifuna. Mudzamva wina akuuza wa pa makina kuti awonjezere delay pa maiki, kuti mawu azibwereza ngati munthu akuitana m'phanga.

Koma chinandiseketsa pambuyo pake n'chakuti mpikisano umene tinkaonerawo dzina lake unali AFCON 2021, pamene kalendala ya pakhoma inkanena 2022. Poyamba unkayenera kuchitika pakati pa chaka cha 2021. Anausunthira ku Januwale wa chaka chomwecho poopa mvula ya ku Cameroon, kenaka mliri wa Covid-19 utavuta anaukankhira ku Januwale 2022. Zimenezi Azungu sazitcha delay. Amati "postpone". Choncho usiku umodzi womwewo, pa foni imodzi, tinali ndi mitundu iwiri ya kuchedwa.

Mawu akuti delay analowa m'Chingelezi kuchokera ku Chifalansa chakale, m'nyengo imene olamulira a ku England ankalankhula Chifalansa, ndipo pofika cha m'ma 1300 anali atakhazikika. Amagwira ntchito zingapo. Akhoza kukhala dzina, monga ponena kuti panali delay ya maola awiri. Akhoza kutanthauza kuti wina wachedwetsa chinthu, akhozanso kutanthauza kuti munthu akuzengereza yekha, monga amalembera otsatsa malonda kuti "don't delay". Postpone anabwera mochedwerapo kuchokera ku Chilatini, ndipo ukawaphwanya ndi mawu awiri: post, kutanthauza pambuyo, ndi ponere, kuika. Kuika pambuyo. Ndiye kusiyana kwake kuli poyera. Delay ikhoza kukugwera ngati mvula, popanda woipanga. Postpone ili ndi mwini wake, munthu amene wanyamula chinthu pa tsiku ili n'kukachiika pa tsiku lina. Ndipo woika chinthu amayenera kunena pamene wachiika.

Pa msewu Mngelezi weniweni sanenanso zonsezi, amangoti "put off". Ku banki ndi ku yunivesite amati "defer", ndipo ophunzira athu amene ndalama za fizi zawathera amawadziwa bwino mawu amenewa, mumawamva akuti ndapanga defer chaka chino. Kukhoti ndi ku Nyumba ya Malamulo amati "adjourn". Ife tinapeza njira yathu yowawetera onsewa, timangowamangirira ku mneni wakuti kupanga: apanga postpone, apanga cancel, apanga adjourn. Ena amadandaula kuti kumeneku n'kuononga chilankhulo. Ine sindidandaula kwenikweni. Chimene chimandivuta ndi china.

Chaka china ndinkagwira ntchito ku bungwe lina limene linkapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa anthu ongodzipereka m'midzi. Mwezi wina ndalama sizinatuluke. Tonse mu ofesi tinkadziwa chifukwa chake: bwana wina anapita ku msonkhano kunyanja asanasaine. Anandipatsa kalata yoti ndimasulire, ndipo chiganizo chake choyamba chinali chakuti "Your payment has been delayed." Ine mosaganiza ndinalemba kuti malipiro anu achedwetsedwa. Mkulu wa nthambi yathu ataiwerenga anandiitana.

"Achimwene, apa talembani kuti achedwa."

"Bwana, koma Chingelezicho chikuti achedwetsedwa."

"Ndikudziwa. Koma mukatero anthu afunsa kuti ndi yani."

Anali ndi khutu labwino bambo amene uja, ndiyenera kuvomereza. M'Chingelezi chiganizo chimenechi chimatha bwinobwino popanda kutchula munthu, ndipo khutu silimva kuti pasoweka kanthu. M'Chichewa kachidutswa kaja ka -ts- kamaloza chala. Kuchedwa n'kwa mwini, kuchedwetsa kuli ndi wochita, ndipo ukati chinthu chachedwetsedwa wasiya mpando wopanda munthu pakati pa bwalo, aliyense akuuona. Ndinasintha. Malipiro anachedwa okha, ngati kuti ali ndi miyendo ndipo anaima panjira kucheza ndi anzawo.

Ndisanamizire Chingelezi chokha. Nafe tili ndi kobisalira kwathu, mwinanso koposa. Tamverani zidziwitso za pa wailesi madzulo: msonkhano umene umayenera kuchitika Loweruka walephereka pa zifukwa zina. Walephereka! Palibe waulepheretsa, palibenso amene walephera. Wangolephereka, monga mmene mbale imaswekera m'nyumba mwa ana ambiri. Ndipo mawu amenewa sakuuza ngati msonkhanowo wafa kapena wangokomoka. Womasulira akapatsidwa postponed amalemba walephereka, akapatsidwa cancelled amalembanso walephereka, womvera n'kutsala m'malere. Kenaka pamabwera kamchira kaja: tsiku lina lidzalengezedwa.

Kamchira kameneka ndi kamene ndimakaopa. Postpone yoona imabwera ndi tsiku. Pa 24 Malichi 2020 analengeza kuti masewero a Olympics a ku Tokyo sachitika chaka chimenecho, ndipo pasanathe sabata ananena tsiku latsopano, 23 Julayi 2021. Tsikulo litakwana anatseguladi, ngakhale mabwalo anali opanda oonerera, dzina n'kukhalabe Tokyo 2020. Imeneyo ndiyo postpone. Tsono tayerekezani ndi makhansala athu. Tinawasankha mu Novembala 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china chinkayenera kutsatira. Tsiku linkatchulidwa, n'kuchotsedwa, n'kutchulidwanso lina. Nyuzipepala za Chingelezi ulendo uliwonse zinkalemba kuti postponed. Palibe ananenapo kuti chisankhocho chathetsedwa. Tinadzavoteranso makhansala pa 20 Meyi 2014, patapita zaka zisanu ndi zinayi maboma athu akuyenda opanda khansala ndi mmodzi yemwe. Mwana amene anabadwa chaka chimene makhansala anachoka anali atafika Sitandade 3 kapena 4. Mawu amene anagwiritsidwa ntchito ndi omwe aja a ku Tokyo.

Mawu akuti adjourn ndinawaphunzira ndi miyendo. Mayi anga anali ndi mlandu wa munda ndi achibale a malemu bambo, ndipo utakanika kwa amfumu unapita kukhoti. Ine ndinkawaperekeza. Tinkadzuka nkhuku zisanalire, kuyenda wapansi mpaka pa msewu, kukwera matola, kufika kukhoti zitseko asanatsegule. Tinkakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenaka mlandu wathu unkaitanidwa, akuluakulu n'kulankhulana Chingelezi kwa mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo womasulira ankatembenuka n'kunena kuti mlandu wayamba waima. Tsiku lina loya wa mbali inayo anali ku mlandu wina. Tsiku lina fayilo sinaoneke. Tsiku lina oweruza anali ku maphunziro.

Ulendo wachitatu mayi anandikoka malaya tikutuluka. "Iwe, ajeni ajeni akunenayu ndi ndani? Bwanji sabwera yekha?" Ankaganiza kuti ndi dzina la munthu amene akutilepheretsa. Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sanaseke, chifukwa ulendo uliwonse unkadya nkhuku imodzi ya m'khola mwawo.

M'kati mwa adjourn muli mawu a Chifalansa akuti jour, kutanthauza tsiku. Tanthauzo lake loyambirira linali kupatsa munthu tsiku loti adzaonekere. Ndiye kuti mawu amene mayi ankawamva ngati chitseko chotsekedwa anabadwa ngati lonjezo la tsiku. Ndipo kunena zoona, maulendo amene ankatipatsa tsiku mayi ankapirira, ankafika kunyumba n'kuuza mdzukulu wawo kuti alembe pa khoma ndi khala. Umene unawafoola ndi ulendo umene anati mlandu waima mpaka tsiku limene adzatidziwitse. A zamalamulo ali ndi Chilatini chake cha zimenezi, sine die, kutanthauza popanda tsiku. Mumawamva mawu amenewa aphungu akamatseka zokambirana zawo ku Lilongwe, atolankhani n'kulemba kuti nyumbayo yaima sine die. Kwa aphungu si nkhani yoopsa, amadziwa kuti adzaitanidwa ndipo malipiro akuyenda. Kwa mayi wa kumudzi amene sakudziwa ngati alime munda kapena ausiye, mvula ili pafupi, popanda tsiku ndi chilango pachokha. Chaka chimenecho mundawo unagonera.

Dandaulo limeneli ndi lakale kuposa makhoti athu. Mu Juni 1215 nduna za ku England zinapanikiza Mfumu John pa dambo la Runnymede kuti avomere chikalata chotchedwa Magna Carta, ndipo ndime 40 ya chikalatacho imalonjeza kuti chilungamo sadzachigulitsa kwa munthu aliyense, sadzachimana munthu, ndiponso sadzachichedwetsa. Taonani kuti kuchedwetsa anakuika pa mzere umodzi ndi kugulitsa. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa gawo 42, amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, komanso kuti mlandu wake uzengedwe m'nthawi yoyenera. Pa malonjezo awiriwa, loyamba lili ndi mano chifukwa lili ndi nambala. Munthu akhoza kuwerenga maola. Nthawi yoyenera ndiye aliyense ali ndi yake. N'chifukwa chake ndimaona kuti chinthu chanzeru kwambiri chimene oweruza asanu aja anachita pa 3 Febuluwale 2020, pothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, chinali kutchula nambala: chisankho china chichitike pasanathe masiku 150. Akanangoti chichitike mwamsanga, kaya bwenzi tikunena zotani lero.

Chisankho chimenecho chinachitanso chinthu chimene Chingelezi cha ku England chilibe mawu amodzi ochitchulira. Chinali chitaikidwa pa 2 Julayi, koma chinabwezedwa n'kuchitika pa 23 Juni. Amwenye anaona kusoweka kumeneku kalekale ndipo anapanga mawu awo, prepone, pongochotsa post n'kuikapo pre. Azungu ena amawaseka, koma ine ndimaona kuti ndi mawu aukhondo kuposa zimene eni akewo amanena. Iwo amati bring forward akafuna kufulumizitsa, push back akafuna kuchedwetsa, ndipo ukawauza kuti msonkhano wa Lachitatu wasunthidwa forward ndi masiku awiri amagawikana, ena amabwera Lolemba, ena Lachisanu. Ife tisaseke kwambiri. Mukamva kuti ukwati ausunthira kutsogolo mumamva chiyani? Ambiri timva kuti wapita kutali, chifukwa m'tsogolo ndi mmene simunafike. Komatu wotsogola ndi amene amayamba kufika, ndipo amene anatitsogolera ali m'manda, kumbuyo kwathu. Pomasulira ndinasiya kalekale kulimbana nazo. Ndimangolemba kuti lachoka pa tsiku lakuti, lapita pa tsiku lakuti.

Msampha wina ndi mawu akuti table. Kuno, monga ku Britain, nduna ikapanga table bilu ndiye kuti yaibweretsa kuti aphungu akambirane. Ku America kupanga table nkhani ndi kuiika pambali. Amene mumagwira ntchito ndi mabungwe a ku America chenjerani nawo, mungakonzekere usiku wonse nkhani imene anzanu aikwirira.

Msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds anandiuza chinthu chimene poyamba ndinkayesa nthabwala. Kumeneko sitima ikachedwa amakubwezera ndalama. Dongosolo lake amalitcha Delay Repay. Makampani ambiri amayambira pa mphindi 15, pamene amakubwezera gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa ulendowo. Ikachedwa theka la ola amabweza theka, ikafika ola amabweza yonse. Maiko a mu European Union ali ndi lamulo la 2004 lokhudza ndege, ndipo makhoti awo analitanthauzira kuti ukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, pa chifukwa chimene kampani ikanatha kupewa, uyenera kulipidwa pakati pa mayuro 250 ndi 600 malinga ndi kutalika kwa ulendo. Ku Japan sitima ikachedwa ndi mphindi zochepa chabe amapereka kapepala koti ukaonetse abwana ako kuntchito, ndipo mu Novembala 2017 kampani ya Tsukuba Express inapepesa poyera chifukwa sitima yake inanyamuka masekondi 20 nthawi isanakwane.

Msuweni wangayo ankandiuza zimenezi mondinyogodola, kuti kwanuko minibasi ikanamalipira delay bwenzi eni ake atagulitsa ndi matayala omwe. Ndinamuyankha kuti minibasi sichedwa. Singachedwe, chifukwa sinalonjeze nthawi. Lonjezo lake ndi lakuti inyamuka ikadzaza, ndipo ikadzaza imanyamukadi. Bodza la minibasi lili pena: anyamata aja amene amakhala m'mipando ngati apaulendo kuti uone ngati yatsala pang'ono, iwe ukangokhala pansi iwo n'kumatsika mmodzimmodzi. Kumeneko ndi kunama za kuchuluka kwa anthu, osati za nthawi. Delay imabadwa pamene pali ola lolembedwa. Basi yaikulu imene yalemba pa tikiti kuti 7 koloko n'kunyamuka 9 koloko, imeneyo ndiyo yachedwa, ndipo imeneyo ndiyo iyenera kuchita manyazi.

N'chifukwa chake nkhani ija yakuti Amalawi sitisunga nthawi ndimaimva ndi khutu limodzi. Mvula yoyamba ikagwa usiku, pitani kumunda m'mawa mukaone ngati pali wochedwa. Adzukulu akamapita kukakumba manda sadikira kuti wina awadzutse. Amayi ogulitsa tomato amakhala atafika pa msika wa pikulitsa anthu a mataye asanatembenuke pabedi. Nthawi imene kuchedwa kwake kumaluma timaisunga. Imene sitisunga ndi ya pa khadi la ukwati, ndi ya msonkhano umene tonse tikudziwa kuti mlendo wolemekezeka afika dzuwa litapendeka. Pamenepo wofika pa nthawi ndi amene amalangidwa, amakhala padzuwa maola atatu, ndipo ulendo wina sabwerezanso. Kuchedwa kwa wamkulu ndi njira yake yoonetsera kuti nthawi yake ndi yodula kuposa yanu. Titamawerengera maola amene ana a sukulu aima m'mbali mwa msewu ndi timbendera m'manja, bwenzi tikudziwa amene amatiphunzitsa kuchedwa.

Pali mtundu wina umene sindingauloze kwa wina aliyense, chifukwa ndi wanga. Azungu amati procrastinate, ndipo pakati pa mawu aataliwa pali kamawu ka Chilatini kakuti cras, mawa. Kukankhira ku mawa. Ife timati kuzengereza, ndipo makolo anatichenjeza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Nkhani mukuwerengayi ndinalemba mutu wake m'kope sabata imene Flames inabwerako ku Cameroon. Onani pamene yatulukira. Ndinkadziuza kuti ndikuisiya kuti ipse, ndipo ozengereza tonse tili ndi woyera mtima wathu wotiikira kumbuyo: Fabius Maximus, mkulu wa asilikali a Roma amene mu 217 BC anakana kumenyana maso ndi maso ndi Hannibal, mkulu wa asilikali a adani awo a ku Carthage, n'kumangomutsatira patali ndi kumutopetsa. Anthu a kwawo anamunyoza n'kumupatsa dzina lakuti Cunctator, wozengereza. Aroma atasiya njira ya Fabius anakakumana ndi Hannibal ku Cannae chaka chotsatira ndipo anaphedwa ochuluka zedi, dzina lachipongwe lija n'kusanduka laulemu. Kusiyana kwa Fabius ndi ine n'kwakuti iye ankadziwa chimene akudikira.

Koma ntchito imene inandivuta kuposa zonse pa mawu amenewa inali ya zaumoyo. Mu 1994 akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, analongosola kuti amayi ambiri amene amamwalira pa uchembere m'maiko osauka amafa ndi mavuto ochizika, ndipo chimene chimawapha ndi nthawi imene imatayika pa malo atatu. Poyamba ndi pakhomo, anthu asanagwirizane zopita kuchipatala. Kachiwiri ndi panjira. Kachitatu ndi kuchipatala komweko, mayi atafika koma thandizo loyenera lisanamupeze. Anamwino ndi azamba athu amaphunzira zimenezi kusukulu, ndipo mukakhala nawo mudzamva akuti ma delay atatu. Nkhani yake ndi ya maola, pakuti mayi amene akutaya magazi kwambiri atangobereka akhoza kutisiya m'maola awiri okha.

Anandipatsa ntchito yomasulira chipepala cha pakhoma chofotokoza zimenezi. Chingelezi chake chinali chosalala: delay, delay, delay, mizere itatu yofanana ngati mapasa. Ine pa mzere woyamba ndinalemba kuzengereza kupita kuchipatala. Tisanasindikize tinapita nacho kumudzi wina kuti tikamve ngati anthu akuchimva, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi amayi pafupifupi khumi ndi awiri. Nditawerenga mzere woyambawo panali zii. Kenaka mayi wina wachikulire, amene anali asanalankhulepo chiyambire, anakonza chitenje chake nati:

"Bambo, inu mwalemba bwino, koma amene akuzengerezayo ndi ndani? Mwana wanga matenda atamuyamba usiku, ine ndinadziwa nthawi yomweyo kuti apa pafunika chipatala. Koma mwamuna wake anali ku Joni. Apongozi ake anati tidikire malume ake anene. Malume akewo amakhala kutsidya. Titawapeza, wa njinga anati ndalama kaye. Inu mukuti kuzengereza. Ife tinkathamanga usiku wonse."

Sindinafunse kuti mwanayo zinamuthera bwanji. Mmene amayi enawo anaweramitsira mitu zinandiuza.

Kuzengereza ndi mawu oweruza. Amanena za munthu amene akudziwa chochita, ali ndi mphamvu yochichita, koma akuchita ulesi kapena mphwayi. Delay saweruza, amangoyeza mpata, monga mpata uja wa pakati pa wailesi ya aneba ndi foni yathu. Apa ubwino uja wa Chichewa, woloza chala, unanditembenukira, chifukwa chala changa chinaloza munthu wolakwika. Tinakhala pamenepo mpaka madzulo tikusinthasintha. Amayiwo ndi amene anapeza mawu ake. Mzere woyamba anati ukhale kudikira chilolezo kapena ndalama pamene mayi akufunika kunyamuka. Wachiwiri, kuchedwa panjira chifukwa cha mtunda, mitsinje ndi kusowa chokwera. Wachitatu anakambirana nthawi yaitali, ena akuopa kuti adokotala akwiya, koma mapeto ake anagwirizana kuti ukhale kuchedwetsedwa kulandira thandizo utafika kale. Namwino amene tinapita naye, mayi wodekha amene anagwira ntchito m'zipatala za kumidzi zaka zambiri, anati asiyeni alembe choncho, ndi mmene zilili, ngakhale kuti wochedwetsayo nthawi zambiri si namwino koma magazi amene kulibe, ambulansi imene ilibe mafuta, ndi mzamba mmodzi pa amayi asanu.

Ndinabwerera ku ofesi ndili wokondwa. Kudikira, kuchedwa, kuchedwetsedwa. Koma mabungwe otere ali ndi mwambo wopereka zimene wamasulira kwa munthu wina kuti azibwezere m'Chingelezi, n'cholinga choti akuluakulu osamva Chichewa aone ngati sunasokoneze. Patapita masabata atatu kunabwera imelo yaulemu kwambiri yochokera ku likulu lawo kunja. Inkafunsa chifukwa chake mawu amodzi a Chingelezi asanduka mawu atatu osiyana, ndipo inkapempha kuti pakhale kufanana. Ndinalemba masamba awiri kufotokoza za pansi pa mtengo wa mango paja. Anandithokoza chifukwa cha maganizo anga.

Chaka chatha ndinaperekeza mlamu wanga ku sikelo pa chipatala china chaching'ono, ndipo ndinachiona chipepalacho pakhoma, chitasuluka ndi dzuwa, ngodya imodzi itamatuka. Kuchedwa, kuchedwa, kuchedwa, mizere itatu yofanana bwino. Pansi pake panali benchi, ndipo pa benchipo panali amayi oyembekezera asanu ndi awiri, mabuku awo a chipatala ali m'manja. Tinafika 7 koloko. Chitseko chinatsegulidwa cha m'ma 10.